Dokotala Anabwerera Hatchi

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngati kumeneko n'kudzuka, chifukwa tulo sindinatione. Amayi a mphakati anali ataimba usiku wonse mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali atagona mopingasana pamikeka. Pakati pawo panali bokosi la achimwene anga a Lenadi, lonyezimira, lotumizidwa ndi bwana wawo. Ndinkaliyang'ana mtima ukuwira. Munthu amene anasowa galimoto yowatengera kuchipatala ali moyo, yobweretsera bokosi anaipeza msanga.

Achimwene ankasamalira mahatchi pa famu ya bwana wina wa m'tauni, kuseri kwa phiri, kumene anthu a ndalama amapita Loweruka kukakwera ndi kujambulitsa. Lachiwiri masana hatchi ina inakodwa mwendo mu waya. Iwo anawerama kuti aimasule, iyo n'kuwamenya theche kumanzere, pansi pa nthiti. Magazi sanatuluke. Anadzuka okha, mwinanso anaseka, monga anali munthu wosafuna kuoneka wofooka. Anzawo anawakweza panjinga n'kudzawatula kwa ine, poti chithereni banja lawo ankakhala kuno kwathu. Madzulo omwewo dokotala wa ziweto anafika pafamupo ndi galimoto, kudzamanga mwendo wa hatchi.

Kunja kunacha ndi chiperoni. Nkhuni zinali zonyowa, moto wa kuseri kwa nyumba unkangofuka, amayi ophika akupukuta misozi ya utsi yomwe ena ankaiyesa ya chisoni. Adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda akung'ung'udza za dothi lomata. Kenako anthu anayamba kufika, a ku Kadewere, a ku Mauwa, ena wapansi ena panjinga, atafunda zitenje kumutu. Ambiri anabwera kudzalira, sindikana. Koma ena anabwera kudzamva nkhani, poti imfa ya hatchi kuno siinamvekepo. Ndikutunga madzi ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti hatchiyo inachita kutumidwa, chifukwa a Lenadi analimbirana malire a munda ndi munthu. Ndinamuyang'ana mpaka anayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino. Kuno munthu safa ndi umbuli, amafa ndi mfiti basi.

Ndinawapeza amalume, eni mbumba, atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndiwo anayenera kufotokozera khamu mmene imfa yayendera. Ndinagwada n'kuwapempha kuti anene zonse: kuti pafamupo pali kabati yodzaza mankhwala ndi mabandeji a mahatchi, kuti antchito anaphunzitsidwa kuzindikira hatchi ikamva m'mimba, koma palibe ndi mmodzi yemwe anauzidwapo chochita munthu akavulala.

"Pamaliro sitizengapo milandu, mwanawe," anatero amalume. "Bokosi lija waliona?"

Ndinaliona. Ndiye chinali chitsekapakamwa chake.

Bwanayo anafika dzuwa litakwera, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Mkulu wina wa tchalitchi anamuchokera pampando, wina n'kumugwirira ambulera. Amalume anaimirira n'kunena kuti mwana wawo anapeza ngozi kuntchito, ndipo Mulungu wachita chifuniro chake. Anathokoza bwana kawiri konse. Ine ndinali nditakonzeka. Ndinati kapitawo wa pafamu akangomaliza kulankhula ndiimirira, mwambo kaya ukhale mwambo, anditche wamisala ngati afuna.

Kapitawoyo anavula chipewa n'kuyamikira kulimbikira kwa malemu. Kenako anati: "Ife tinawapereka kwa abale ali moyo, akuyenda okha, akulankhula."

Mawuwo anali oipa, owanenera dala, koma bodza munalibe. Achimwene anafikadi m'manja mwanga akulankhula. Ndinatenthetsa madzi, ndinatenga beseni ndi kansalu, n'kuyamba kuwathowa pamimba monga timachitira munthu akagwa mumtengo. Anati ali ndi ludzu, ndinawapatsa madzi makapu atatu. Thukuta lozizira litayamba ndinawafunditsa bulangete lachiwiri, ndikuti ndi chisanu cha chiperoni. Anadandaula phewa la kumanzere, ine n'kuwaseka kuti hatchi yamenya pamimba, phewa lalakwanji. Tinapita kuchipatala m'mawa mwake, atasiya kuyankha. Namwino anawatsegula chikope, m'kati muli mbuu, n'kundifunsa nthawi imene anavulala. Nditamuuza anangotseka maso. Anati magazi ankatayikira m'kati usiku wonse, ndipo ludzu lija, thukuta lija, phewa lija, zonsezo zinkanena. Anati zimenezi munthu amaphunzira tsiku limodzi lokha.

Tsiku limodzi. Achimwene anagwira pafamupo zaka zonsezi, ndipo tsiku limodzilo silinapezeke.

Ndiye sindinaimirire. Tinanyamuka ulendo wa kumanda mvula yowaza ikutilowa m'khosi. Njira inali yoterera, onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, kwaya ikutsogola ndi mtanda. Bwana anatsalira pamsewu, nsapato zake sizinali za matope. Akatekisiti anawaza madzi odalitsa, adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, dothi lonyowa n'kuyamba kugunda pamwamba pake. Ndinalira, koma kunena zoona unali ukali wokhawokha. Ndinakwiyira bwana, kapitawo, amalume, mayi wa mfiti uja, ngakhale achimwene omwe chifukwa cha kuseka kwawo kuja. Pomaliza mndandandawo unkabwerera kwa ine.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Panatsala phulusa lonyowa, mafuwa, ndi mabenchi a tchalitchi osanjikizidwa pakhonde. Ndikusesa m'nyumba ndinamva odi wapansipansi. Anali bambo wachikulire, mmodzi wa aja anabweretsa achimwene panjinga. Tsiku lonse ankandizemba. Ndinafuna kumuthamangitsa ndi tsache lomwelo.

"Achemwali, pepani," anatero, maso ali pansi. "Mawa m'mawa hatchi ija ndikaimange bandeji ndine. Tandiuzani zimene ananena anamwino zija. Mwina tsiku lina ndidzakhala ine, kapena mnzanga."

Ndinaika tsache pansi. Kenako ndinakhala pakhonde n'kumuwerengera ndi zala. Ludzu. Thukuta lozizira. M'maso moyera. Phewa. Osamupatsa madzi, osamuthowa, osamutengera kunyumba ngakhale aseke bwanji. Kuchipatala, nthawi yomweyo. Iye ankabwereza pambuyo panga ngati mwana wa katekisimu. Maphunziro amene bwana wa galimoto analephera kupereka anaperekedwa ndi ine, mayi wogulitsa tomato, ndipo fizi yake tinali titaikwirira masana.

Atapita ndinalowa m'nyumba. Munali zii. Beseni lija linali pomwe ndinalisiya Lachitatu, kuseri kwa chitseko, kansalu kataumira m'mphepete mwake. Ndinalinyamula kuti ndikalitsuke, koma ndinangokhala nalo pamiyendo mpaka kunja kunada.