Azakhali Osesa Gombe

Pamudzi wa asodziwu aliyense amawaitana kuti Azakhali. M'mawa anzawo akamasesa pakhomo, iwo amasesa gombe. Amafufuta mapazi a akamba a m'nyanja obwera kudzaikira mazira mumchenga, kuti akuba mazira asalondole. Kwawoko zinyalala zili mbwee, koma ukawaseka amangoti, "Pakhomo panga palibe woikira mazira."

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa nyama zotetezedwa kudzawerenga zisa. Anayenda gombe lonse osaona phazi la kamba ngakhale limodzi.

"Akamba anasamuka kuno," anatero akulemba. "Gombeli tisiya kuliteteza."

Azakhali anamulanda cholembera, n'kumukoka dzanja ngati mwana wothawa kusamba. Anagwada pafupi ndi bwato lobooka, n'kupalasa mchenga pang'onopang'ono. Mazira oyera mbee! Anamuzungulitsa zisa khumi ndi zinayi, mpaka thukuta kamukamu.

"Nanga mukubisiranji ndi boma lomwe, Azakhali?"

"Mwanawe, tsache silidziwa yunifolomu. Tsopano lemba zoona."

Mlangizi analemba. M'mawa mwake Azakhali anasesanso gombe, kuyambira mapazi a mlangiziyo.