Mpando wokwana ine ndekha

Ndikulemba izi nditazyolika ndi manyazi, chifukwa tsoka langa silinachite kundigwera ngati mphezi ayi. Ndinachita kulisankha ndekha, masanasana, anzanga akundiombera m'manja. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga okonda galimoto, lolani ndikutsineni khutu.

Ndimakhala ku Msongwe, mumzinda wa Mzuzu. Ndine munthu wamtali kwambiri, moti ndikakwera minibasi mawondo anga amakangana ndi msana wa munthu wakutsogolo. Mkazi wanga, mphunzitsi wa ku pulayimale wochokera ku Nkhata Bay, ndi wamfupi, amandilekeza pachifuwa. Tinali ndi mwana mmodzi yekha, Lusungu, wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene ankavutika ndi mphumu chibadwire. Kukazizira, ndipo mukudziwa momwe Mzuzu amazizirira, chifuwa chake chinkalira ngati wenzulo.

Titafika poti tingagule galimoto, mkazi wanga ankafuna yoti izinyamula matumba a chimanga ndi alendo. Ine mtima unali pa ina yofiira, ya zitseko ziwiri, yogwada pansi, yamagiya, yoti ukaiponda anthu amasiya kugula tomato n'kutembenuka. Ndinaumirira mpaka inabwera yomweyo. Iye sanasunge mangawa. Anali ndi laisensi yake, ndipo ankaiyendetsa bwinobwino. Akalowa ankangokoka kachitsulo kapansi pa mpando, mpandowo n'kutsetsereka kupita kutsogolo, basi ulendo. Kangapo konse Lusungu atabanika ine kulibe, mayi ake anathamangira naye kuchipatala pa galimoto yomweyo, n'kubwerera mwana akuseka.

Koma ine zinkandinyansa. Ndikalowa m'mawa mawondo ankagunda chiwongolero chifukwa mpando wasiyidwa kutsogolo. Pena ndinkapeza fumbi la choko, pena nyenyeswa za mandasi, pena fungo la usipa. Tinthu tachabechabe timeneti n'timene tinkandidya mumtima, ine bambo wamkulu wa ndevu zanga.

Loweruka lililonse tinkakumana anyamata okonda magalimoto pamalo ena otsukira galimoto m'tauni. Mmodzi mwa ife anaika mipando ya galimoto zampikisano, ija yakuya, yokhala ndi mapiko m'mbali, yogwira munthu m'nthiti ndi m'ntchafu kuti asagwedezeke pokhota. Nditakhalapo kamodzi kokha, tulo tinandithera. Mpikisano sindinapangepo chibadwire, ndipo misewu yathu ndi ya maenje, koma ndinaitanitsa wanga.

Mpando unabwera ndi zomangira za mitundu iwiri. Panali njanji zolola mpando kupita kutsogolo ndi kumbuyo, panalinso zitsulo zongomanga nganganga pamalo amodzi. Ndinapita nazo pagalaja ina ku Salisbury Lines, ndipo makaniko anandifunsa kuti, “Bwana, tiike za njanjizi, panji tingomanga waka?” Anzanga amene ndinapita nawo anayankha ine ndisanatsegule pakamwa, amvekere njanji zimakweza mpando, zimagwedera, ndi za madala. Ndinakhala pampandopo, ndinatambasula miyendo yanga yonse, makaniko anachonga ndi choko pamene ndinafuna, anaika zitsulo n'kumanga mabawuti. Anachita zimene ndinamuuza, ndipo ntchito yake inalibe banga.

Kwa anzanga ndinkati ndasankha zitsulozo chifukwa cha kulimba. Koma lero ndinene zoona zokhazokha: ndinasangalala podziwa kuti palibenso munthu wina adzayendetse galimoto yanga.

Madzulo ake mkazi wanga anakhalapo kuti ayese. Anamira mumpandomo, mutu wokha kuonekera. Anapisa dzanja pansi kufunafuna kachitsulo kaja, osakapeza. Poyamba anaseka, amvekere, “Bambo a Lusungu, ndiye kuti mwandilanda laisensi?” Kenako kuseka kunatha, n'kundifunsa kuti nanga mwanayu akabanika ine kulibe adzatani. Ndinamuyankha mwachipongwe kuti matakisi ali mbwee mu Mzuzu muno. Nditaona kuti nkhope yagwa, ndinalonjeza kuti ndiika njanjizo sabata yamawa. Sabata yamawayo inadutsa, miyezi inadutsa, njanji zili m'katoni pamwamba pa wodilopu. Akandikumbutsa ndinkamunena kuti ndi wolongolola, mpaka anasiya.

Tsiku lake linali Loweruka, mwezi wa Juni. Ine ndinali ku Karonga pa lole ya kuntchito, galimoto ndinaisiya pakhomo. Ku Mzuzu kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Chakumasana Lusungu anayamba kubanika. Mayi ake anamupopera mankhwala ake a mkamwa, osathandiza, anapoperanso, milomo ya mwana n'kuyamba kuda. Aneba athu okhala ndi galimoto anali atapita kumaliro ku Rumphi. Watakisi amene timamudziwa anati ali kutali koma akubwera. Mkazi wanga anaona kuti kudikira sikungatheke, ndipo anamugoneka mwana kumpando wakumbuyo n'kutenga makiyi.

Foni yanga inalira ndili pakati potsitsa katundu. “Bambo a Lusungu, mpandowu mumausuntha bwanji? Ndiuzeni msanga!” Ankadziwa kuti susuntha, koma munthu ukagwira njakata umaganiza kuti mwina pali kanjira kena kamene mwini wake anabisa. Kumbuyo kwa mawu ake ndinkamva mwana wanga akukoka mpweya.

Inu owerenga, pa mawu onse amene ndayankhulapo padziko pano, palibe olemera ngati amene ndinayankha tsikulo. Ndinati, “Susuntha.”

Ndinamuuza kuti aike mapilo kumsana. Anathamangira m'nyumba, anabwera nawo, anadzikankhira kutsogolo. Zala zakuphazi zinkangokhudza kilatchi koma osaifikitsa pansi, ndipo poti mpando ndinaugwetsa pansi kwambiri, maso ake ankalekeza pachiwongolero. Foni inagwera pansi ili chiyakire, choncho ndinamva zonse. Ndinamva giya ikukukuta, injini ikulira, ikuzima, ikuliranso. Ndinamva akupemphera m'Chitonga. Kenako galimoto inadumpha chakumbuyo, tayala linagwera mungalande ya pageti, injini n'kuzimiratu. Ine ndinali chiimire pamsewu ku Karonga, kukuwa pafoni imene panalibe woimva.

Anamubereka Lusungu kumbuyo n'kuthamanga naye m'matope mpaka kumsewu waukulu, kumene anapeza kabaza wa njinga yamoto. Kuchipatala anawalandira mwachangu ndipo anayesetsa ndithu. Pamene ine ndinkafika, dzuwa litapendeka, mwana wanga anali atamufunditsa kale nsalu kumaso.

Palibe dokotala anandiuza kuti akanafika msanga akanachira, ndipo sindikufuna kunamizira kuti ndikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti maulendo ena onse mayi yemweyo, pa galimoto yomweyo, ankafika nthawi yabwino. Pamaliro anthu ankandigwira dzanja n'kumati, “Phepani chomene, ni khumbo la Chiuta.” Ndinkagwedeza mutu kuvomera, koma mumtima ndinkadziwa kuti amene anatambasula miyendo pagalaja paja si Mulungu, ndine. Anzanga a Loweruka aja anabwera, anathandiza kutulutsa galimoto mungalande kuti anthu apeze podutsa, ndipo palibe anayang'ana mnzake kumaso.

Mkazi wanga sananditukwane ngakhale kamodzi. Bwenzi zili bwino akananditukwana. Anakhala nane mpaka mwambo wonse unatha, kenako anapempha kuti akapume kwa makolo ake, ndipo kumeneko anapempha kuti azikaphunzitsa konko. Ndikamuimbira amayankha, amandifunsa ngati ndadya, koma ndi ulemu umene munthu amapereka kwa mlendo. Ankhoswe ayesa kutikhazika pansi. Iye amangoti sakundida, koma sangathenso kulowa pageti lija.

Tsiku lina ndinatsitsa katoni ija, ndinabwereka sipanala, ndinaika njanji zija ndekha. Ntchito yake inatha msanga kuposa kutsuka galimoto. Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana, chifukwa kanthu kameneka n'kamene ndinakakanira miyezi yonse ija. Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma kwathu nkhwangwayo sinagwere wosamvayo, inagwera mwana amene sanalakwe chilichonse.

Sindikuletsani kukonda galimoto, ndipo mipando imeneyi payokha si yoipa. Koma galimoto ikakhala imodzi pakhomo, si yanu nokha, ngakhale dzina la pamapepala likhale lanu. Tsiku lina idzafunika inu muli kutali, ndipo adzaifune ndi munthu wopanda nthawi yosaka mapilo. Mukamasankha mpando ndi zomangira zake, musafunse anzanu a potsukira galimoto, iwo sadzakhalapo tsikulo. Bawuti yomaliza isanamangidwe, itanani mkazi wanu, kapena aliyense wamfupi amene amayendetsa pakhomo panu, akhalepo, aponde mpaka pansi, aone msewu bwinobwino. Akalephera, masulani pomwepo, musadikire sabata yamawa.

Ine galimoto ndikadali nayo, ili pakhomo, ndipo tsopano aliyense angathe kuiyendetsa. Koma m'nyumba muno mulibenso woiyendetsa wina, mulibenso wothamangira naye kuchipatala.