Munda wa aNdau Unasungunuka M'galasi

Mwandiwonongera munda wa mnzanga, inu a sitolo ya zithunzi ndi mafulemu pa Ntcheu Boma! Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa nokha. Koma nkhaniyi ndiinena yonse, aliyense amve. Ine ndine Ngozo wa ku Mlangeni. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndiye wofuna kundikonza kalembedwe adikire kaye ndimalize.

Choyamba mudziwe kuti masiku ano ine ndine wojambula. Eee, musaseke. Ndinagwira ntchito kumigodi ku Joni, nditabwerako ndinalima mbatata ya kachewere mpaka msana unakana. Adokotala anati magazi akuthamanga, khasu basi. Mwana wanga wamkazi wa ku Lilongwe, poona kuti ndikungokalipira nkhuku pakhonde, anandibweretsera kabokosi ka penti wojambulira. Mkati muli timibulu touma ngati maswiti. Umaviika kaburashi m'madzi, n'kukhudza kambulu, n'kupaka papepala lokhuthala. Koma chithunzi chikauma, madzi omwewo ndiye mdani. Dontho limodzi, zonse zimayenda.

Zinandivuta, sindibisa. Dzanja ili linazolowera chitsulo chobowolera miyala, ndiye kaburashi ndinkakagwira ngati ndikufuna kukapha. Ndinajambula ng'ombe, mayi a kunyumba anati ndi tebulo. Ndinajambula phiri, anati ndi chulu. Koma pang'onopang'ono ndinaphunzira. Umayamba ndi mitundu yopepuka, n'kudikira iume. Pamene ukufuna poyera, supakapo kanthu, umangosiya pepala. Ine Ngozo, munthu wosadikira, penti anandiphunzitsa kudikira!

Tsono ndili ndi mnzanga, aNdau. Tinkatsikira limodzi pansi pa nthaka ku Joni kuja. Chaka chatha anagwa ndi sitiroko, mbali ya kumanzere inafa. Chigwereni sanatulukepo m'nyumba. Ankati anthu asaone Ndau akunyamulidwa ngati thumba la feteleza. Munda wawo wa kachewere akulima ndi akazi awo, aNaphiri, ndi ana. Chaka chino munda unachita maluwa oti munthu umaima panjira kuiwala komwe ukupita. Nditawauza aNdau, anati ndikunama pofuna kuwasangalatsa. Ndinati chabwino, poti mwakana kupita kumunda, munda ubwera kuchipinda konkuno.

Sabata yathunthu ndinakhala m'mbali mwa mundawo, ambulera ili pamutu, kupaka n'kudikira, kupaka n'kudikira. Mizere ndinaika. Maluwa oyera ndi a pepo ndinaika. Mtengo wa mapichesi wa pamalire ndinaika. Mayi a kunyumba atayang'ana anangoti, "Uwutu ndi munda wa aNdau." Mtima wanga unavina ngoma tsiku limenelo.

Ndinaganiza kuti chinthu chokongola chonchi chifunika galasi. Lachiwiri m'mawa ndinachikulunga m'majumbo atatu, n'kuchiika pachifuwa mkati mwa jekete. Kunja mvula. Minibasi yodontha ngati sefa. Ine ndinafika pa Boma nditanyowa mpaka masokosi, koma munda wa aNdau unali wouma gwa! Mvula ya Mulungu inaupatsa ulemu. Anthu a m'sitolo ndiwo ayi.

Ndinalowa cha m'ma 10 koloko. Pakauntala panali mayi wina, zingwe za foni zili m'makutu. Ndinapereka moni, anangokweza nsidze. Kodi moni masiku ano ukugulitsidwa? Ndinatulutsa chithunzi, n'kunena momveka, ndipo mawu anga saperewera: "Mayi, ichi sichifuna madzi." Anachotsa chingwe chimodzi n'kundiuza kuti ndisawaphunzitse ntchito, iwo amaika m'galasi ngakhale zithunzi za maukwati a mabwana.

Anatsitsa fulemu yafumbi pashelefu. Anaviika kansanza m'beseni. Anapukuta galasi. Ndinkayembekeza kuti atenga kansanza kena kouma. Ayi ndithu! Anangotola munda wa aNdau, n'kuugoneka chafufumimba pagalasi lonyowalo, n'kudinikiza ndi chikhatho ngati akukanda mandasi.

"Mayi, galasilo lanyowa!"

Anati liuma lokha mkatimo, ndisachite phokoso, makasitomala ena akumva. Makasitomala ake ati? M'sitolomo tinalimo awiri ndi ntchentche.

Atatembenuza, abale anga! Mitambo inali italowa m'mizere. Maluwa a pepo anali akutsetsereka ngati misozi. Mtengo wa mapichesi unasanduka chithaphwi. Ndipo mayiwo, osaphethira n'komwe, anati chinabwera chili choncho kale.

Ndinati aitane mwini sitolo. Anabwera bambo wa mimba yabwino, makiyi akuzungulira pachala. Anayang'ana, n'kunena kuti andipangira fotokope yaulere, kungoti inki ya mitundu inatha, ituluka yakuda. Fotokope ya matope, ndiitani ine? Kenaka anati ndisadandaule, mdzukulu wanga amene anajambulayo ajambula china. Mdzukulu! Ndinawauza kuti mdzukulu wake ndi yemwe waima patsogolo pawoyu, wa imvi mpaka m'makutu. Anati nanga bwanji sindinangojambula mundawo pafoni. Apo ndiye ndinatsegula kukhosi, mpaka anyamata a kabaza anadzaza pakhomo. Kupepesa? Palibe. Anangoti ndilipire fulemu. Ndinalipira, ine si wakuba.

Kujambula china sikukanatheka. Pepala lokhuthala linali lomaliza, ndipo maluwa anali atayamba kuyoyoka. Ndinangopita nacho kwa aNdau chili choncho. Anachigwira ndi dzanja labwinolo, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"ANgozo, ichi n'chiyani?"

"Munda wanu."

"Munda wanga unakokoloka liti? Bwanji simunandiuze za chigumula?"

"Ndi a kusitolo amenewo, achimwene."

"Musanamizire a kusitolo. Inu ku Joni nambala yanu yomwe pachipewa munkachita kulembetsa kwa ine. Lero mukhale wojambula?"

Anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa mpaka kutsokomola. ANaphiri anathamangira kuchipinda, chifukwa kuseka kumeneko anali atakuiwala.

"Ndipo maluwa anga si otuwa chonchi," anatero aNdau. "Mbewu ija ndinasankha ndekha pa Lizulu. Maluwa ake ndi a pepo weniweni."

"A pepo alipo."

"Ali kuti?"

"Kumunda. Koma akuyoyoka. Sabata ino ikatha muwapeza pansi."

ANdau anayang'ananso matope a m'galasi aja. Kenaka anakuwa, mawu ake akale aja: "ANaphiri! Auzeni ana amange ng'ombe pangolo. Ndikamuonetse munthuyu mtundu wa maluwa, asamanyozetse munda wanga."

Tinayala matiresi m'ngolo, ana n'kunyamula aNdau. Panjira anthu ankasiya makasu kudzapereka moni, iwo akukweza dzanja ngati phungu. Titafika, kumunsi kwa munda maluwa anali adakalipo ambiri. ANdau anangoti maso pamaluwawo, ndipo ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa mwamuna mnzako sumuyang'ana m'maso nthawi ngati imeneyo. Atapuma, anayamba kukalipira ana kuti mizere yakhota ndipo sanakwezere dothi bwino. Ndinadziwa kuti Ndau wabwerera.

Koma inu a kusitolo, musaganize kuti ndikukuthokozani. Ayi! Amene anatulutsa aNdau m'nyumba ndi ine ndi ng'ombe ziwiri. Inu munangowononga. Ndiye ndiyankheni: kansanza kouma n'kodula bwanji kuti sitolo yonse kasapezeke? Munthu wamkulu akanena kuti ichi sichifuna madzi, makutu anu amakhala kuti? Ndipo ndani anakuuzani kuti aliyense wogwira penti ndi mwana wa sukulu?

Anzanga ojambula a m'Ntcheu muno, ngati mulipo, mukapita kumeneko galasi mupukute nokha, ndi malaya anu omwe.

Ine ndikufuna zinthu ziwiri: mapepala okhuthala, ndi mawu oti pepani otuluka pakamwa, zingwe za foni zili pansi. Mukachedwa, dziwani kuti aNdau ayamba kutuluka tsopano, ndipo akuti akufuna kuona nkhope ya munthu amene anakokolola munda wawo. Lachiwiri lija munamva mawu anga mpaka kabaza anaima. Kumigodi kuja, tikakangana ndi aNdau, amene ankayamba kukhala chete ndinali ine.