Khoma la Shopu ya Mayi Tiza

Ba Whyson Chimbalanga akhala akumanga nyumba ku Kanyama zaka makumi atatu ndi zinayi. Bambo awo anachokera ku Ntcheu kudzaswa miyala ku Lusaka, ndipo ndiwo anawaphunzitsa kukoka chingwe ndi kuwerenga levulo yoonera ngati khoma lawongoka. Ba Whyson sukulu anailekeza giredi seveni, koma pulani ya papepala sinkawavuta. Ankaiyala pansi, kuipsinja ndi miyala inayi, kuiyang'ana kamodzi, basi nyumba yalowa m'mutu.

Chaka chatha Mayi Tiza, ogulitsa tomato ku msika wa Soweto mu Lusaka momwemo, anawaitana kuti awamangire nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi shopu kutsogolo. Amene anajambula pulani ndi Tamara Chitalu, mayi wa ofesi ina ya m'tauni. Tsiku loyamba Tamara anafika pamalopo ndi laputopu, naiika pamwamba pa mabuloko.

"Ba Whyson, bwerani muone nyumba yanu," anatero.

Pagalasi panali nyumba yathunthu, ya malata ndi penti yomwe. Tamara anaizunguza ndi chala, anaichotsa denga, nalowa m'kati mpaka kuchimbudzi. Kenako anakoka khoma limodzi pang'ono. Chitseko chinalitsatira, denga linatambasuka, nambala ya mabuloko pambali inasintha yokha.

"Nanga wasuntha denga ni ndani?" anafunsa Ba Whyson.

"Ni pulogalamu. Iyi ni yatsopano, vonse vimayendera pamodzi. Ikapeza cholakwika imaonetsa chofiira."

Iwo anangogwedeza mutu, koma sanamvetse. Pa moyo wawo wonse khoma likasuntha, denga linkadikira mmisiri.

Atayamba kukumba maziko, mbali ina anagunda thanthwe asanafike m'mawondo, mbali ina madzi anayamba kutuluka. Kwa munthu wa ku Kanyama izi sizachilendo. Ba Whyson anakweza pansi pa nyumbayo ndi mizere itatu ya mabuloko, monga amachitira nthawi zonse poopa madzi a dzinja. Tamara atalowetsa zimenezi mu laputopu, galasi linafiira malo asanu. Akuti chitseko chinkagunda denga la khonde, masitepe anali otsetsereka kwambiri, ndi zina zimene Ba Whyson sanazigwire n'komwe. Madzulo amenewo anakwera minibasi akudzifunsa ngati nyumba zonse zimene anamanga zikanafiira chomwecho.

M'mawa mwake kunabwera pepala latsopano. Patatha masiku anayi kunabweranso lina. Mapepala atatuwo ankafanana ngati mapasa, kusiyana kwake kunali kachilembo kakang'ono pakona, A, B ndi C, kamene palibe anawauza kuti akayang'ane. Iwo anatenga pepala limene linali loyera bwino, namanga khoma la shopu mizere isanu ndi iwiri.

Tamara atabwera Lachisanu anayeza ndi tepi, anayezanso, kenako anatembenukira kwa Ba Whyson.

"Ba Whyson, mwamangira B. Mu C khoma ili linapita kutsogolo masentimita sikisite."

"Linapita liti? Ine nili pano tsiku lililonse, sininalione likupita."

Mayi Tiza anali pomwepo, atanyamula beseni lopanda kanthu, akuyang'ana uku ndi uku. "Nanga olakwa ni ndani?" anafunsa.

Khomalo Ba Whyson analigwetsa okha ndi hamala. Aka kanali koyamba kugwetsa khoma lawolawo, lowongoka bwinobwino, simenti isanaume n'komwe. Atamaliza anatsuka zida zawo, nauza Mayi Tiza kuti afune mmisiri wina wodziwa makompyuta.

Lolemba Tamara anawalondola Ba Whyson kwawo. Anapepesa, nati anayenera kutenga mapepala akalewo pobweretsa atsopano. Kenako anatsegula laputopu patebulo, nawapempha kuti amuonetse kumene madzi amachokera mvula ikagwa. Ba Whyson analoza ndi chala chosweka ndi simenti: amatsika kuchokera ku tchalitchi, amagunda thanthwe, amakhota kumanzere. Tamara anajambula thanthwelo ndi kutsetsereka kwa malowo. Posakhalitsa mzere wobiriwira woimira madzi unayenda pagalasi, nukhota pomwe iwo ananena, n'kuima pafupi ndi khomo la shopu.

"Yadziwa bwanji?"

"Mwaiuza ndimwe."

"Manje ngati naiuza ndine, n'chifukwa chani poyamba inanifiirira?"

Tamara anayamba kufotokoza kuti pulogalamuyo inkaganiza kuti malowo ndi osalala, koma anaona kuti mkuluyo wasokonezeka kwambiri, ndipo anangoseka. Ndiye anawaonetsa chinthu china. Anakankha kadzuwa kapagalasi mpaka chakumadzulo kwa mwezi wa Okutobala. Kuwala kunalowa pa zenera la shopu n'kugwera pomwe panayenera kukhala matebulo a tomato. Ba Whyson anayang'ana nthawi yaitali. Zimenezi sanaziganizirepo.

"Zenera lipite kumbali," anatero motsitsa mawu. "Koma munipatse pepala limodzi chabe."

Anabwerera pantchito. Nyumbayo inatha mvula isanayambe, ndipo madzi a Januwale anafika pa sitepe yachiwiri n'kubwerera. Anthu amawayamikira Ba Whyson. Mkazi wawo atawafunsa kuti anamanga ndani kwenikweni, iwo kapena makinawo, anati funsolo liwapatse kaye nthawi.

Masiku ano Tamara amawatenga akapeza ntchito ku Kanyama kapena ku Chawama, ndipo asanajambule kalikonse amayamba wawafunsa za nthaka. Mwezi watha, ali pamalo ena ku komboni ya George, anatsegula laputopu n'kupeza kuti pulogalamu yadzisintha yokha. Mabatani onse anali atasamuka. Anafunafuna pojambulira masitepe osapapeza, thukuta lili kamukamu, mwini malo akudikira.

"Ba Whyson, nasokonezeka," anavomera.

Iwo anasendera pafupi, natulutsa magalasi awo a maso m'thumba la ovolosi. Awiriwo anakhala pamulu wa mchenga, mitu itagundana, akufufuza kachithunzi ka masitepe mpaka batire inatha.