Zisa za Anamzeze Pamwamba pa Guwa

Ndikukumbukira chaka chimene ndinkaphunzira katekisimu m'katchalitchi ka kwathu, kufupi ndi ku Kaphuka. Ndinkalawirira kuposa anzanga onse, osati chifukwa chokonda kupemphera ayi, koma anamzeze. Anali atamanga zisa zawo zadothi kudenga, pamwamba pa guwa. Ndikakhala phee pabenchi, ankadutsa pafupi kwambiri mpaka kamphepo ka mapiko awo ndinkakamva patsaya. Tiana tikasuzumira m'chisa, kukamwa kuli yasa, ndinkaseka ndekha ngati wopenga.

Kenako kunamveka kuti bambo mfumu, wansembe wa kuparishi, akubwera kudzatipatsa Ukalistia woyamba. Amayi anali atandibwerekera kale delesi loyera. Loweruka tikusesa, a Filipo, amene ankatiphunzitsa katekisimu, anandipatsa nsungwi yaitali.

"Iwe Agatha, gwetsa zonyansa izo. Zitosi zigwere pansalu ya paguwa alendo akuona?"

"Muli ana, aphunzitsi," ndinatero.

"Ukundiyankha ine? Gwetsa, apo ayi mawa sulandira."

Ndinaiika pansi nsungwiyo. Anandigwaditsa panja pamiyala, chisanu chikuluma, kenako anagwetsa okha. Ndinkamva dothi likugwa, phu! phu! Tiana topanda nthenga anatisesera pamodzi ndi zinyalala, tina tikuphiriphitabe. Mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira tsache limenelo.

Mawa lake anzanga anafola atavala zoyera, ine ndili kumbuyo m'chitenje cha amayi. Amayi sanandikalipire, komanso sanandiyankhulire. Delesi analibweza lisanavalidwe. Misa ili mkati, anamzeze analowa, tizilombo tili kukamwa, n'kumazungulira pamene panali zisa paja. Ankafika, n'kupeza khoma lokhalokha, n'kubwerera, n'kubweranso. Bambo mfumu anakweza maso n'kumwetulira.

"Taonani, mbalame nazonso zabwera kudzapemphera nafe. Muzizisamala."

A Filipo anagwedeza mutu kuvomereza, mano onse pamtunda, ndipo anali oyamba kuwomba m'manja. Ndinafuna kukuwa. Akuluakulu onse amene anaona zadzulo lake anali momwemo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa miyala ija. Ine ndinadikira chaka china kuti ndilandire.

Tsopano ndamvetsa kuti a Filipo sankadana ndi mbalame. Ankaopa manyazi pamaso pa mlendo, ndipo munthu woopa manyazi amaphwanya chilichonse chimene sichingamudandaulire, kaya ndi chisa kaya ndi mwana. Kumvetsako sikunandiziziritse mtima.

Lero ndimakhala ku Dedza boma, ndipo anamzeze anamanga pakhonde panga. Alendo akamabwera, ndimayala katoni pansi pa chisa, akapita ndimakataya. Katoni basi. Ndi zokhazo zimene zinkafunika tsiku lija.