Pulasitala pa Zikope za Bambo Njovu

Nditamaliza maphunziro a unesi ndinakhala kwathu ku Chinyunyu chaka chathunthu, ndikuthandiza azakhali anga, ba Esinati, kugulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu. Mnzanga wa kusukulu ndiye anandiimbira foni kuti chipatala china ku Lusaka chikulemba manesi. Ndinapita ndi nsapato zobwereka, ndipo ananditenga. Wodi imene anandipatsa ndi ija aliyense ankaithawa, ya odwala mwakayakaya.

Mwezi woyamba makina akalira, mtima wanga uli phaa! Wamkulu wathu, ba Sisita Tembo, sankanena chinthu kawiri. Anandiphunzitsa kukoka makhololo m'paipi yopumira, kutembenuza wodwala pakatha maola awiri alionse kuti asachite zilonda, ndi kusamala maso. Munthu wogonekedwa ndi mankhwala saphethira, maso amauma. Ndiye timapaka mafuta a m'maso, n'kutseka zikope, n'kumatapo kapulasitala.

Tsiku lina anatibweretsera wodwala, bambo Njovu, ochokera ku Shikabeta, kudera la Rufunsa. Ngolo ya ng'ombe inawagubudukira, n'kuwaphwanya nthiti ndi mwendo wakumanzere. Mkazi wawo, ba Aginesi, anabwera okha pa ambulansi, opanda foni, opanda m'bale aliyense m'tauni. Tsiku lonse ankakhala pa benchi pafupi ndi chitseko cha galasi, atafukata jombo za amuna awo m'pepala la pulasitiki.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinawasambitsa bambowo, ndinawongola miyendo, ndinatseka zikope n'kumata, kenako ndinawafunditsa nsalu yoyera mpaka pachifuwa. Ndinadziona katswiri. Katani sindinaikoke yonse.

Cha m'ma leveni koloko dokotala anavundukula mwendo uja. Unali utada, ukununkha.

"Uchoke lero, apo ayi tiwataya," anatero. "Itanani mkazi wawo adinde chala. Ndidikira mpaka folo koloko."

Ndinatuluka. Pa benchi palibe munthu, jombonso palibe. Mayi wina wodikirira wodwala wake anandigwira dzanja.

"Pepani ba nesi, mwayesetsa. Bayenda kukauza abale. Bati mwabatseka maso."

Iyee! Ine mwana wa kumudzi, amene ndinaonapo agogo anga akusambitsidwa, kuwongoledwa ndi kutsekedwa maso, sindinaganize n'komwe kuti mayi wa ku Shikabeta aona chiyani pagalasi paja. Kwathu zimenezo amachitira mtembo basi. Ndipo mkazi sayendetsa yekha maliro a mwamuna, amathamangira kukauza eni ake.

Ba Sisita sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiwawa koposa. "Unawauza chimene ukuchita?" Ndinapukusa mutu. "Apeze."

Ndiwapeza kuti? Akangotsika minibasi n'kulowa njira ya fumbi ya ku Shikabeta, ndiye basi, kumeneko foni sigwira, ndipo abale akanafika patatha masiku awiri atanyamula bulangete lokulungira maliro. Koma minibasi zonse zopita ku Rufunsa zimaima pa Chinyunyu. Ndinaimbira azakhali.

"Mayi woonda, duku lobiriwira, wanyamula jombo zachimuna. Chonde musasiye minibasi ngakhale imodzi."

"Wapalamulanso chani iwe?" anatero, koma ndinamva akuitana anzawo a pamsika.

Foni anaisunga ba Sisita m'thumba mwawo, ine ndinabwerera pa bedi. Thupi la bambo Njovu linkangotentherabe, magazi akuthamanga pang'onopang'ono. Ndinapukuta ndi madzi ozizira, ndinakweza diripi monga analamulira dokotala, ndinalemba manambala pa tchati. Maso ali pa wotchi. Mumtima ndinkangoti, munthuyu akafa ndamupha ndine, ndi kapulasitala.

Itangokwana wani koloko foni inalira, ba Sisita n'kundipatsira.

"Tabapeza," anatero azakhali, "koma bakana kutsika. Kondakitala afuna kunimenya. Kamba nabo."

Ndinamva kulira kwa munthu wotopa. Ndinati, "Amayi, ndine nesi uja. Amuna anu ali moyo."

"Usaninamize mwana wanga. Naona neka. Wabasambika, wabatseka maso."

Ndinayesa kufotokoza za mafuta a m'maso ndi makina, koma sizinalowe. Ndiye ndinangoti, "Bwerani mudzawagwire. Mukapeza azizira, ine ndiperekeza maliro mpaka ku Shikabeta."

Kenako ndinamva azakhali akukalipira kondakitala kuti atsitse katundu.

Azakhali anabwera nawo okha ba Aginesi, nthochi atasiyira anzawo. Anafika folo koloko itapitirira, dokotala atavala kale zobiriwira za opaleshoni, akungoyendayenda m'khonde. Ndinawasambitsa m'manja ba Aginesi, ndinawaveka gauni, ndinawalowetsa. Anaima patali. Ndinamatula kapulasitala, ndinatenga dzanja lawo n'kuliika pachifuwa pa amuna awo. Chifuwa chinakwera, chinatsika.

"Bafunda," ananong'ona. Anakhala pansi pomwepo, pa simenti.

Dokotala atawafotokozera za mwendo, anadinda chala osafunsa zambiri. Funso lawo linali limodzi, ndipo anafunsa ine: "Manje jombo inayo nizapatsa ndani?" Ndinangolira nawo.

Bambo Njovu anatuluka patapita milungu isanu ndi umodzi, akuyendera ndodo. Azakhali mpaka lero amandilipiritsa nthochi zawo pakamwa.

Tsopano manesi atsopano ndimawaphunzitsa ndine, ndipo amadabwa kuti za maso ndimayambira pa benchi. Ndimatuluka, ndimagwada pafupi ndi mwini wodwala, ndimamuuza m'chinenero chake kuti nditseka maso koma munthu wake alipo. Ndimamulowetsa, agwire yekha pachifuwa amve kufunda. Akagwedeza mutu, m'pamene ndimadula pulasitala.