Amalume Amene Sanapite ku Jando

Lamlungu lapitali amuna anga anabwera kuchokera ku Park Station, kokwerera mabasi kuno ku Joni, atagula tikiti ya basi. Akuti mwana wathu Yusufu apite kumudzi ku Mangochi, akalowe jando ngati anzake. Ine ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga, a Amidu, amene amasoka zovala konkuno ku Orange Farm.

Achimwenewa anabadwa ndi magazi osagwirana: akangotemeka, magazi amatuluka osaleka. Tili ana, kuguluka kwa dzino kokha kunawagoneka m'chipatala. Anzawo akamamenya mpira, iwo ankasunga malaya. Mlonda wawo ndinali ine, ndipo anyamata owaseka ndinawathidzimulapo ndithu. Ku jando mayi anawakaniza. Mpaka lero, imvi zili mbuu, ena amawatchabe mwana.

Madokotala a kuno ku Joni ndiwo anatiuza kuti matendawa ndi akumtundu, amadzera mwa ife akazi. Yusufu anatengera amalume ake.

Achimwene anafika akutsimphina, poti magazi anawaononga mawondo kalekale. Pakhomo panali patadzaza akuluakulu akwathu.

"Inu a Amidu, za jando mungayankhulepo chiyani, poti simunapiteko?" anatero mmodzi. Ena anaseka.

Ine mtima unawira. Achimwene ayi.

"Zoona bambo, sindinapiteko, n'chifukwa chake mukundiona pano. Mkulu wathu Saidi anali ndi magazi ngati angawa. Anapita, ndipo amene anabwerako ndi anzake okha." Kenaka anatembenukira kwa amuna anga. "Alamu, mwini mbumba ndine. Mwanayu sakwera basi."

Basiyo yanyamuka dzulo, Yusufu ali panja apa akusewera.

Ife a ku Joni timaopa kuti ana athu asanduka Azulu, ndiye mwambo timaugwira ndi manja awiri. Sindikutsutsa, mwambo ndimaukonda. Koma si mwambo womwewo umati pa za mwana, mawu omaliza ndi a amalume? Nanga bwanji timakumbukira mbali ya mpeni yokha?

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Achimwene amaudziwa ululuwo, ndipo ndimawanyadira kuposa mmene ndingalembere pano.

Tandiuzani, inu amene munapita ku jando: munthu amene wasekedwa moyo wake wonse, n'kuima pamaso pa omuseka omwewo kuti mwana wa mlongo wake akhale ndi moyo, akuperewera pati kuti mumutche mwamuna?